Injini ya a Giyawani

Dzina lawo lenileni linkapezeka pa laisensi pokha. M'tauni monse ankangoti a Giyawani, chifukwa munthu akapita kwa iwo kukaphunzira kuyendetsa galimoto ankatha sabata yathunthu ali pa giya wani, kuzungulirazungulira pabwalo la mpira la kuseri kwa msika mpaka mutu kuwawa. Ukadandaula ankakuwonjezera masiku. Ukalira ankakupatsa mpango, n'kukuuza kuti uponde kilachi.

Anali bambo wamfupi, wa mapewa otambasuka, wometa mpala, wosaseka wamba. Ntchito anaiyambira pamwamba pa lole, kukweza ndi kutsitsa matumba a simenti, kwinaku akusuzumira m'mene dalaivala ankasinthira magiya. Atapeza laisensi anayendetsa galimoto ya buledi zaka zambirimbiri, mpaka bekale ija itagulidwa ndi anthu ena amene anabwera ndi madalaivala awoawo. Kangachepe kamene anapatsidwa powatsanzika anagulira galimoto yaing'ono yoyera, imene ngakhale nthawi imeneyo inali itayenda kale mokwanira. Wowotcherera zitsulo anawaikira buleki ndi kilachi zachiwiri ku mpando wa wokwera, iwo n'kupachika chikwangwani chofiira kutsogolo ndi kumbuyo, sukulu n'kutseguka. Ofesi, kalasi ndi malo odyera nkhomaliro, zonse zinali pampando umenewo.

Chimene chinawatchukitsa, komanso chimene chinawadanitsa ndi anthu ambiri, chinali kathaulo. Wophunzira akangokhala pa chiwongolero, a Giyawani ankatenga kathaulo kobiriwira n'kuphimba mawotchi onse a pa dashibodi, kukapanikiza m'mbali kuti kasagwe.

"Maso ndi a msewu," ankatero. "Giya timasintha ndi khutu. Injini ikatopa ndi giya imene ilipo imanena yokha, ndiye muphunzire kuimvera, osati kumangoyang'ana timivi ngati mukudikira nthawi yoweruka."

Wokhudza kathaulo ankatsitsidwa pomwepo, abwerere wapansi. Anatsitsapo mkulu wa ku banki, anatsitsapo m'busa atavala kolala yake. Ena ankachoka akutukwana osabweranso. Koma tinene zoona, amene anapirira anatuluka ali madalaivala enieni. M'tauni muja galimoto ikamakwera mtunda mosabuula, magiya akulowa mosakukuta, anthu ankati ameneyo anadutsa m'manja mwa mdala uja. A Giyawani ankazidziwa zimenezi, ndipo ngakhale sankazinena, ndizo zinkawadzutsa m'mawa.

Zaka zinapita, galimoto inakalamba. Utoto unasuluka, mipando inang'ambika, ekizozi inabooka n'kuyamba kubangula moti aneba ankadziwa kuti kwacha popanda kuyang'ana wotchi. Eni ake nawo anayamba kukalamba, koma ukalamba wawo unalowera kumakutu, kumene munthu sadziona pagalasi. Wailesi ya pabalaza inkakwera mawu chaka ndi chaka. Akazi awo, amene ankasoka zovala pa mashini m'kachipinda ka pafupi ndi khitchini, anazolowera kunena chinthu kawiri, kachiwiriko atayang'anizana nawo. Kenako anayamba kuwayankhira foni, ati kuti bambo asamavutike ndi ophunzira osasunga nthawi. A Giyawani ankati vuto ndi anthu a masiku ano, amalankhulira m'mphuno. Akakhala pampando wawo m'galimoto sankaona vuto lililonse, poti injiniyo inkachita kukuwa, ndipo chimene khutu laphonya matako ankachimva.

Tsiku la tsoka anali ndi mayi wa saluni, munthu wamantha koma wakhama, amene anali atangololedwa kumene kuchoka pabwalo kulowa mumsewu. Potuluka pabwalopo mayiyo anakhota mochedwa, galimoto n'kukwera mwala wa m'mphepete mwa ngalande. Kunsi kunamveka khu.

"Aphunzitsi, ndagunda chinthu."

"Mwagunda mwala, ndipo mwalawo sukudandaula. Tiyeni."

Anadutsa pa sitolo ya matayala, anadutsa pa sukulu, n'kuyamba kukwera mtunda wopita ku thanki ya madzi. Mayi uja anayamba kumva kugogoda, kwapansipansi poyamba, ngati mlendo wamanyazi pakhomo pa eni. Anaonanso kuti m'mphepete mwa kathaulo mukutuluka kuwala kofiira. Dzanja linanyamuka, koma atakumbukira nkhani ya m'busa uja analibweza pa chiwongolero.

"Aphunzitsi, mukumveka kugogoda."

A Giyawani anaona milomo ikuyenda, anamva "aphunzitsi", zotsalazo anangoganizira. Wophunzira akafika pamtunda amaopa chinthu chimodzi chokha.

"Simubwerera m'mbuyo. Pondani mafuta."

Mayi anaponda. Galimoto inanjenjemera, inatsokomola, n'kuima pakati penipeni pa mtunda, utsi wonunkha zopserera ukutuluka m'boneti. A Giyawani atachotsa kathaulo anapeza kanyali ka oyilo kali psuu. Atatsika anaona mzere wakuda pa phula, wotsetsereka mpaka kumene maso analekezera.

Makaniko wawo anali bambo wa imvi zoyamba kumene, amene nayenso kalekale anazungulirapo pa giya wani pabwalo lija. Galaja yake inali shedi ya malata kuseri kwa malo ogulitsira mafuta, pansi pali bii ndi girisi, m'mbali mutadzaza magalimoto akufa a anthu amene anati abwera mawa. Analowa kunsi kwa galimotoyo chagada, anatuluka, n'kupukuta manja nthawi yaitali kuposa m'mene manjawo anadera.

"Madala, injini yanoka. Mwala unang'amba kunsi, oyilo yense anathera mumsewu, zitsulo zinadyana zokhazokha mpaka kugwirana." Anawayang'ana. "Komatu isanafike pamenepa imagogoda kwambiri. Simunamve?"

"Wati chiyani?"

Makaniko anayang'ana pansi. "Ndati yanoka, madala," anatero mokweza. "Kukonza ndingakonze. Ndiye kuti kuiphwasula yonse, kusaka masipeya amene anasiya kupangidwa ine ndisanakwatire, kuimanganso. Ndikanakhala wakuba ndikanakulimbikitsani zimenezo. Zimene mungatayire pamenepa, kungowonjezera pang'ono mupeza ina yabwinobwino. Thupi lake lomweli latha ndi dzimbiri, taonani." Analowetsa chala kunsi kwa chitseko, chala n'kutulukira mkati. "Ndigulitseni ine ndizichotsamo masipeya, inu mugule ya otomatiki. Ophunzira a masiku ano akufuna zimenezo."

"Ndinakuphunzitsa kuyendetsa galimoto, sindinakuphunzitse kulangiza akuluakulu," anatero a Giyawani, n'kuuyamba wapansi.

Masiku otsatira anali olemera. Munthu wozolowera kudzuka m'bandakucha kukapima oyilo ndi madzi, tsopano ankadzuka nthawi yomweyo n'kukangoima pabwalo, pamalo pamene galimoto inkagona, pongotsala timadontho takuda pa simenti. Foni inkalira mwa apo ndi apo, akazi awo n'kumayankha kuti galimoto ili ku galaja, ayesenso sabata ya mawa. Kenako inasiya kulira. Mayi wa saluni anabwera kudzapepesa atanyamula shuga, misozi ikulengeza, ndipo a Giyawani anam'khululukira mwaulemu waukulu, ngati kuti wolakwa analidi iye. Sipanapite nthawi anamuona akudutsa m'galimoto yonyezimira ya sukulu yaikulu ya m'tauni, mphunzitsi wake ali pa foni.

Loweruka lina kunabwera mwana wawo wamkazi, namwino pa chipatala cha m'tauni ina. Anakhala patebulo akumwa tiyi, mayi ake ali pomwepo, iye n'kuyala nkhani yake pang'onopang'ono monga amachitira ndi odwala ouma mutu. Mwamuna wa mnzake wa kuntchito ankagulitsa galimoto ya otomatiki, yosamalika, ndipo iye anali wokonzeka kuthandizapo.

"Adadi, galimoto ija yakutumikirani, ipumeko. Iyi ndikunenayi ikasowa oyilo imachita kulemba mawu pagalasi."

"Ndiye wophunzira aphunziramo chiyani? Kukhala pampando? Pampando amakhala kunyumba kwake."

"Aphunzira kufika kumene akupita, adadi." Anaika kapu pansi n'kuwayang'ana m'maso. "Ndipo mukabwera kudzaiona, tikadutsire ku chipinda cha makutu. Kupima kwake sikuchedwa."

Izi zokha a Giyawani anazimva bwinobwino. Anakankha mpando n'kuimirira.

"Makutu angawa anaphunzitsa theka la tauni ino. Mwala ung'ambe galimoto, mayi wamantha aponde mafuta, mlandu ukhale wa makutu anga? Akutuma ndi amayi akowa?"

"Palibe wandituma."

"Ndiye imwa tiyi wako."

Mwanayo anabwerera mawa lake nkhope ili yakugwa. Koma nkhani inawalowa bambo ake, moti mkati mwa sabata anavala chipewa n'kuzemba osauza munthu, kupita pamalo ena pamene ankagulitsa magalimoto akale kuseri kwa mpanda wa waya. Wogulitsa, munthu wa tayi ndi pakamwa pothamanga, anawakhazika m'galimoto ya otomatiki yotuwa. Phazi lakumanzere linafufuza kilachi n'kungoponda kapeti. Wogulitsayo anadina kabatani, timagetsi tinayaka pa dashibodi ngati sitolo ya mawailesi, iye n'kumalongosola zambirimbiri zimene a Giyawani sanatolepo kanthu. Mkatimo munali zii. Anatsika akupukusa mutu, n'kumuuza wogulitsayo kuti galimoto yosalankhula iwo alibe nayo ntchito.

Pobwerera anayenda mozungulira, kupewa njira ya kumsika kumene anthu akanawafunsa za galimoto. Mumtima mwawo munali mantha amene sanauzepo munthu, ngakhale akazi awo. Ngati wolakwa unali mwala, ndiye kuti kukonza injini kukanathetsa nkhani, iwo n'kubwerera pampando wawo. Koma ngati vuto linali iwo, panalibe galimoto, yakale kapena yatsopano, imene ikanawabwezera ntchito, chifukwa chimene anthu ankadzagula kwa iwo sichinali galimoto ayi, linali khutu. Kugula ya otomatiki kunali ngati kuvomera pamaso pa tauni yonse. Munthu akafika pamenepo sasankha chanzeru, amasankha chimene chingamuchedwetsere manyazi. Pofika pakhomo anali atatsimikiza kuti akonzetsa.

Analowa m'kachipinda kosokera n'kuima pakati pa nsalu zodula ndi mayunifolomu osamaliza.

"Mayi, malata aja tigulitse. Galimoto ikangoyenda tigula ena mvula isanabwere."

Akazi awo anaimitsa mashini. Malatawo anawasonkhanitsa limodzilimodzi kuchokera m'masiketi ndi m'mayunifolomu omwewo, kuti denga la kuchipinda lisiye kuwadonthera pabedi. Anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali, ndipo zinawamvetsa chisoni kuona munthu amene ankatsitsa abusa m'galimoto akudikira yankho manja ali kumbuyo.

"Gulitsani," anatero, n'kupondanso mashini.

Mwana wawo atamva anaimba foni atapsa mtima. "Amayi, mwalola bwanji zimenezi?"

"Ine ndanena ndatopa, iwe wanena wakalipiridwa. Mwina galimoto yawoyo ndi imene idzawauze."

Ntchito inatenga milungu. A Giyawani ankalawirira ku galaja ngati olembedwa ntchito, n'kukhala pa mpando wakale wa basi umene unali pansi pa shedi. Injini yawo inali itayalidwa pa makatoni, mapisitoni ali m'beseni la parafini, mabawuti ali m'chitini cha mkaka. Kuiona chonchi kunkawawawa mtima, koma sankachoka, ndipo chitsulo chilichonse chisanabwerere m'malo mwake ankafuna achigwire kaye ndi manja awo. Makaniko anasaka masipeya mpaka m'matauni akutali, ena anachita kukachotsa m'galimoto imene inagubuduka pangozi. Ndipo poti anali munthu wokumbukira kumene anachokera, anachitanso zina zimene sanatumidwe ndiponso sanalipiritse. Anawotcherera ekizozi, anasintha maraba amene injini imakhalapo kuti isamagwedeze galimoto yonse, anamanga chilichonse chimene chinkachita phokoso. Ankafuna kuti mdala akadzaimva adzasekeko kamodzi kokha iye akuona.

Tsiku lokaitenga a Giyawani anavala jekete, n'kuuza akazi awo kuti asiye kaye mashini, akakhale oyamba kukwera. Anafika ku galaja dzuwa likuswa mtengo. Galimoto inali itatsukidwa, ili panja pa shedi, itayang'ana kumsewu. Mayi anakhala kumbuyo chikwama chili pamiyendo, makaniko pa chiwongolero, a Giyawani pampando wawo wa masiku onse. Anawerama kuti ayese buleki ndi kilachi zawo ndi dzanja, kuona ngati sizinasokonezedwe. Ali chiweramire, makaniko anapotokola kiyi. Injini inadzuka kamodzi n'kamodzi n'kuyamba kulira mofatsa, mosalala, m'mene inkalirira isanadziwe misewu ya m'tauni muja. Makaniko anamwetulira mano onse ali pamtunda, kudikira.

A Giyawani anaweramuka, anakonza jekete, n'kuyang'ana kutsogolo.

"Ukudikira chiyani? Ilize timve."

Kumwetulira kwa makaniko kunatha. Anayang'ana mayi pagalasi, mayi anayang'ana chikwama. Panalibe amene ankafuna kukhala woyamba.

"Ndati ilize, dzuwa likupita."

Akazi awo anasendera kutsogolo, anaika dzanja paphewa pawo, n'kubweretsa pakamwa pafupi ndi khutu.

"Ikulira kale, bambo."

A Giyawani anatembenuzira maso pa dashibodi, pamene moyo wawo wonse ankaletsa anthu kuyang'ana. Kamuvi kanali katadzuka, kakunjenjemera pang'ono pamalo pake. Anatchera khutu lakumanja, anatchera lakumanzere, anatsitsa galasi. Munali zii, bata lomwe lija anakumana nalo kuseri kwa mpanda wa waya, limene iwo ankati ndi vuto la galimoto.

"Ponda mafuta."

Makaniko anaponda, kamuvi kanakwera. Chimene chinawafika chinali kaphokoso kakutali, kosanena kanthu, koti munthu sangadziwire ngati injini yatopa kapena ikufuna giya ina. Ndi kaphokoso kameneko sakanatha kuuza wophunzira chilichonse.

A Giyawani anatsamira pampando. Sanapse mtima monga mwa masiku onse. Chinawagwira chinali chisoni ndi manyazi, pozindikira kuti aliyense m'galimoto muja ankadziwa kalekale, ndipo ankangowakwezera mawu mwaulemu osanena kanthu.

"Ikulira bwanji?" anafunsa.

"Ngati yatsopano, madala," anakuwa makaniko.

"Sikugogoda?"

"Ayi."

"Ntchito wagwira." Anagwedeza mutu. "Uchotse buleki ndi kilachi za mbali yangayi. Zikwangwani uchotsenso. Uipezere munthu woti aziisamala, amayi akowa akufuna denga."

"Madala, kuchipatala kuli timakina toika m'makutu, anthu akumva nato bwinobwino."

Kaya anamva kaya sanamve, a Giyawani anali atatsegula kale chitseko. Anatsika pang'onopang'ono, anathandiza akazi awo kutsika, n'kuwalandira chikwama, chinthu chimene sanachitepo chikwatirirane. Makaniko anazimitsa injini n'kukhala chomwecho, manja ali pa chiwongolero, akuwayang'ana akupita. Mdala anayenda mpaka pa geti, kenako anatembenuka, nkhope ya uphunzitsi itabwerera.

"Zimitsa iwe, mafuta akupsa pachabe."

Makaniko anagwira kiyi wa injini yozima kale, n'kuchita ngati akupotokola.